CIMANGA CA M'NKHOKWE NDI NDARAMA ZA KU SITORO

Mau kwa alimi ndi mafumu a dziko la Neno

Inu alimi a ku Neno, ndi inu mafumu ndi anyakwawa a kwa Dambe, kwa Mlauli, kwa Chekucheku ndi kwa Symon, mverani mau awa onena za cakudya ca pa banja. Anthu ambiri adandaula kuti ndarama sizikhala m'manja, pakuti mcere, sopo, suga ndi mafuta ophikira zakwera mtengo. Dandaulo limeneli nloona. Kwacha ya dzulo siigula za lero: m'mwezi wa Meyi m'caka ca 2022 mphamvu ya Kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100, ndipo m'Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100, ndipo katundu wa m'sitoro anakwera pomwepo. Mlimi wa ku Ligowe sangathe kubweza mitengo imeneyo. Koma ciripo cinthu cimodzi cimene ciri m'manja mwace, ndipo cimatha ndarama koposa mcere ndi sopo pamodzi. Cinthuco ndico kugula m'Januwale cimanga cimene anagulitsa yekha m'Meyi.

Taonani macitidwe ace. Pa masika anthu onse akolola pamodzi, ndipo onse afuna ndarama pamodzi. Pamenepo ogula aja timati mavenda afika ndi sikelo zao m'misika ndi m'midzi momwe, mtengo uli pansi, ndipo cimanga cikwera pa galimoto kunka ku Blantyre. Pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zayera. Cimanga cija cibwerera, koma zaka zina mtengo wace wawirikiza kawiri, ndipo njira za kumtunda ziri matope. Munthu anagulitsa matumba awiri, ndipo ndarama zomwezo zimgulira limodzi lokha. Posowa pogwira asiya munda wace nthawi ya kupalira ndi kubandira, nanka ku ganyu m'munda wa mnzace. Munda wace udyedwa ndi udzu, ndipo njala ya caka cino ibala njala ya caka ca mawa.

Cifukwa cace yambani ndi kuwerenga, musanagulitse ndowa ngakhale imodzi. Banja la anthu asanu, akuru ndi ana, lidya monga thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mwezi. Ndiwo muyeso umene Boma limapatsa banja limodzi pogawa cimanga pa nyengo ya njala. Pa caka ndiwo matumba 12. Onjezanipo awiri a alendo ndi maliro, pakuti palibe caka copanda maliro pa mudzi. Tsono wokolola matumba 16 ali ndi awiri okha ogulitsa. Wokolola matumba 9 alibe cogulitsa konse, cinkana nkhokwe yace ioneka yodzala. Kuwerengaku acite mwamuna ndi mkazi pamodzi, pakuti mkazi ndiye adziwa masiku amene ndowa ya ufa ikhala pa nyumba. Ndipo mwamuna wotapa cimanga madzulo kukasinthanitsa ndi kacasu adziwe kuti ali kumwa nsima ya ana ace ya m'Febuluwale.

Cimanga cowerengedwa cifunika kusungidwa bwino. Makolo athu anasunga ca zitsononkho m'nkhokwe ya nsungwi, ndipo cinakhala. Koma m'zaka zoyamba za m'ma 1990 munalowa m'dziko muno nankafumbwe wamkuru, uja aboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, ndipo cimanga ca haibulidi ncofewa, sicilimbana naye. Tonolani cimanga canu, mucipete, muciyanike. Kuti mudziwe ngati cauma, ikani maso ace owerengeka m'botolo louma pamodzi ndi mcere wouma, mukhutcumule. Mcere ukakakamira m'mbali mwa botolo, cimangaco cikali ndi cinyezi, ciyanikeninso. Cikauma thiranimo mankhwala monga mwa muyeso wolembedwa pa cikopa cace, kapena cisungeni m'matumba aja a PICS osalowa mpweya, amene safuna mankhwala. Matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma, koma akhale pa mitengo.

Kwina kumene cimanga citayika ndiko ku cigayo. Ufa woyera ukoma, sitikana iai. Koma pokonola ndi pobviika mphale pacoka pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu, ndipo za m'gaga ndizo zina zopatsa thupi mphamvu. Pa caka cocepa dzinthu gayitsani mgaiwa. Ngati mwakonola, gaga musataye kwa nkhumba yense; muumitseni, mumsunge, adzathandiza kusakaniza ndi ufa mvula ikagwa.

Za ndiwo amai adziwa bwino koposa ife. Nkhwani, khwanya, citambe ndi bonongwe zicuruka m'dzinja mpaka kuonongeka, ndipo m'cilimwe anthu omwewo azigula ndi ndarama. Futsani mfutso wambiri, mumange zikwatu. Mzere wa mtedza m'munda upatsa nsinjiro, ndipo ndiwo zotendera sizifuna mafuta a ku sitoro. Cenjerani ndi kugula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, timafuta ta m'kapepala ndi kaufa kaja timati wokumani. Ndarama yace ioneka yaing'ono, koma mukaphatikiza za mwezi wonse mudzapeza kuti mwalipira koposa wogula botolo lathunthu. Mcere ndi sopo sizibvunda. Gulani za miyezi ingapo pa nthawi imodzi, pamene ndarama ziri m'manja.

Mudzafunsa kuti, Nanga ndarama za mcere, za sukulu ndi za feteleza tidzazitenga kuti ngati sitigulitsa cimanga? Dziko la Neno liri ndi mwai umene maiko ena alibe. Kumapiri kuli mbatata ya kacewere, tirigu ndi manacesi. Kucigwa ca Lisungwi, kotentha, kuli thonje, mbuzi ndi nandolo. Izi ndizo zogulitsa, ndipo cimanga ndico cakudya. Koma musatsamire mbeu imodzi. M'caka ca 2017 dziko la India linacepetsa nandolo wogula kunja, ndipo mtengo wace kuno unagwa kotero kuti alimi ambiri sanapeze ngakhale za thukuta lao. Ndarama zimene mwapeza pa masika ikaniko zina ku banki m'khonde, kuti mwana akadwala m'dzinja musathamangire katapila.

Ndipo inu mafumu, nchito yanu pa zimenezi njaikuru. Mukumbuka cilala ca 2024, pamene m'mwezi wa Malici Mtsogoleri wa dziko analengeza za ngozi ya njala m'maboma 23 mwa 28, ndipo Neno anali pakati pao. Anabvutika koposa ndiwo amene analibe kanthu kotsala ka caka cathaco, ndiponso opanda cinangwa, mapira kapena mbatata pambali pa cimanga. Itanani msonkhano wa mudzi cimanga cikali m'munda, mavenda asanafike. Letsani mcitidwe wa kugulitsa munda wa cimanga cosakhwima kwa munthu wa ndarama. Ogula akafika, sikelo zao ziyesedwe poyera ndi cinthu codziwika kulemera kwace. Ndipo yambani ndinu kuwerenga matumba a pa nyumba panu pamaso pa anthu, pakuti sadzamvera mfumu imene igulitsa m'Meyi ndi kupempha m'Januwale. Wofuna kuona mamangidwe a matumba a PICS kapena muyeso wa mankhwala afunse mlangizi wa za ulimi wa ku Neno kapena wa ku Lisungwi, ndipo amuitane mwezi wa Epulo usanathe.