Phunziro 8: Kupita Kumene Wodwala Ali

SABATA MASANA

Werengani: Mateyu 9:35-38, Marko 1:35-45, Marko 2:1-12, Luka 10:25-37, Luka 13:10-17, Yakobo 2:14-17.

Vesi Loloweza: Mateyu 9:36.

Mfundo Yaikulu: Khristu sanakhale pamalo amodzi kudikira odwala, koma anawalondola kumene anali. Mpingo wake uyenera kuchita chimodzimodzi.

Wokhala ku Ndirande kapena ku Zingwangwa akadwala usiku, chipatala cha Gulupu sichili kutali. Koma ambiri a ife tili ndi makolo kumudzi, kumene msewu umathera pamtsinje wopanda mlatho. Kumeneko mayi woyembekezera amanyamulidwa pamachira, ndipo mwana wodwala malungo amafika kuchipatala nthawi itatha kale. Sabata ino tiona zimene Malembo atiphunzitsa za mtunda umene uli pakati pa wodwala ndi mankhwala.

SANDE: Mbuye Woyenda (Marko 1:35-39)

Kodi Yesu anayankha chiyani pamene ophunzira anamuuza kuti anthu onse akumufuna?

Ku Kapernao ntchito inali kuyenda bwino, ndipo odwala anali kudzaza pakhomo. Akadakhala komweko palibe akadamudzudzula. Koma Iye anasankha kunka kumidzi ina ya ku Galileya, pakuti anadziwa kuti odwala kwambiri ndiwo sangathe kuyenda. Mateyu 9:35 aika pamodzi ntchito zitatu: kuphunzitsa, kulalikira ndi kuchiritsa. Zonse zitatu zinachitika paulendo.

LOLEMBA: Wakhate ndi Dzanja la Yesu (Marko 1:40-45)

Yerekezani Levitiko 13:45, 46 ndi zimene Yesu anachita. Nchifukwa chiyani anamukhudza munthuyo?

Mbiri ya mpingo wathu m'dziko lino siingakambidwe popanda kutchula khate. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa, m'boma la Thyolo, inayamba mu 1902 pamene Thomas Branch anafika ndi banja lake. Mu 1925 kunafika Dr. Carl Birkenstock, ndipo Malamulo inadziwika kutali monga malo osamalira akhate. Anthu amene anakanidwa kwawo anapeza kumeneko pogona, mankhwala ndi uthenga wabwino.

Komabe amene anafika ku Malamulo anali okhawo amene anatha ulendowo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, bungwe la LEPRA linayamba kutumiza antchito ake m'midzi pa galimoto ndi pa njinga, kukapereka mankhwala kwa odwala kwawo komweko. Atabwera mankhwala ophatikiza m'zaka za m'ma 1980, khate linachepa kwambiri, kotero kuti mu 1994 linasiya kuwerengedwa monga vuto lalikulu la umoyo m'Malawi. Mankhwala abwino anafunika, koma anafunikanso munthu wowapereka pakhomo pa wodwala.

LACHIWIRI: Amuna Anayi ndi Mphasa (Marko 2:1-12)

Kodi ndi chikhulupiriro cha yani chimene Yesu anaona? (ndime 5).

Amuna anayi aja sanali asing'anga. Ntchito yawo inali kunyamula, ndipo popanda iwo wopuwalayo sakadachira. Masiku ano njinga yamoto igwira ntchito yonga imeneyi, pakuti idutsa m'tinjira ta m'mapiri momwe ambulansi siingalowe, ndiponso imwa mafuta ochepa. Bungwe la Riders for Health limanyamula pa njinga zamoto magazi ndi makhololo a odwala kuchokera kuzipatala zazing'ono kunka kumalo opimira, nkubwera ndi zotsatira zake. M'boma la Mangochi anayesapo njinga zamoto zokhala ndi kabedi pambali, zonyamulira amayi ovutika pobereka.

Zipatala za mipingo, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM lokhazikitsidwa mu 1966, zambiri zili kumidzi, ndipo Malamulo ndi chimodzi mwa izo. Koma ngakhale chipatala cha kumudzi chili ndi midzi yake yakutali, kumene namwino ayenera kupitako kukayeza ana sikelo, kupereka katemera ndi kuona amayi oyembekezera.

LACHITATU: Bulu wa Msamariya (Luka 10:33-35)

Tchulani zinthu zonse zimene Msamariya anapereka.

Anapereka mafuta, vinyo, nthawi ndi ndalama. Anaperekanso chokwera chake. Ndalama imene anasiya kwa mwini nyumba ya alendo itikumbutsa kuti chifundo chili ndi mtengo wake. Njinga yamoto ifuna mafuta, matayala ndi wokonza, ndipo ikasowa izi imangokhala kuseri kwa chipatala ikuchita dzimbiri. Nkosavuta kusangalala pa tsiku lolandira mphatso, koma chikondi chenicheni chioneka pa mwezi wachisanu, pamene tcheni chaduka ndipo palibe woimba m'manja.

Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe ndi ku Ndirande, naononga misewu ndi milatho ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ifenso a m'tauni tinalawa kuwawa kwa kudikira thandizo losafika. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

LACHINAYI: Kodi Nkololedwa pa Sabata? (Luka 13:10-17)

Nchifukwa chiyani mkulu wa sunagoge anakwiya? Yesu anamuyankha motani?

M'mipingo yathu ya ku Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri muli anyamata amene amadya za kabaza wa njinga yamoto. Mbale wokhulupirika amaimika njinga yake dzuwa likamalowa Lachisanu, ngakhale kuti Sabata ndi tsiku la okwera ambiri. Achita bwino, pakuti lamulo lachinayi siligulidwa ndi ndalama. Nanga mnansi wake akagwa ndi matenda Sabata m'mawa? Yesu anamasula mayi wopindika msana zaka 18 pa tsiku lomwelo, naonetsa kuti Sabata ndi tsiku loyenera kumasula omangidwa. Funso loyesera mtima ndi ili: Kodi ndikutuluka kukafuna phindu langa, kapena kukapulumutsa moyo? Wonyamula wodwala pa Sabata osalandira malipiro sanaswe lamulo; walisunga monga analisungira Mwini wake.

LACHISANU: Kuphunzira Mopitiriza

Werengani Yakobo 2:14-17 ndi Yesaya 58:6-14, ndipo onani kuti mneneri aika kuthandiza ovutika ndi kusunga Sabata m'mutu umodzi.

Mafunso Okambirana:

1. Ndi mudzi uti wodziwika kwa a m'kalasi mwanu umene uli kutali kwambiri ndi chipatala? Odwala amafika bwanji?

2. Kodi a Dorika, a Zaumoyo ndi Achinyamata a mpingo wanu angagwirizane motani kuti athandize pa mafuta a ulendo umodzi wa anamwino mwezi uliwonse?

3. Tingapewe bwanji kupereka mankhwala monga nyambo yokopera anthu ku mpingo? Onani Luka 17:11-19, kumene onse khumi anachiritsidwa ngakhale anabwerera ndi mmodzi yekha.

Mwachidule: Mwana wa Mulungu anachoka kumwamba kudzatipeza tili odwala ndi uchimo. Amene alandira chifundo chotere sangayembekezere kuti wofooka ndiye ayende ulendo wonse.