Phunziro 6: Kodi Pulezidenti Angalengeze Emejensi Payekha?

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziroli, aliyense athe:

(a) kufotokoza zimene Gawo 45 la Malamulo Oyendetsera Dziko limanena pa za emejensi;
(b) kusiyanitsa emejensi ndi chilengezo cha ngozi yogwa mwadzidzidzi;
(c) kudziwa ntchito ya phungu wake pa nthawi yotere.

Mau oyamba

Abale ndi alongo, ife a kuno ku Likhubula sitichita kuuzidwa za ngozi. Timakhala m'tsinde mwa phiri, ndipo mvula ikagwa masiku atatu osaleka, timagona khutu lili kumtsinje. Napolo akatsika, aliyense amafuna kuti boma lichite changu: litumize asilikali, ufa, mahema ndi mankhwala. Palibe amene anganene kuti aphungu ayambe akambirana pamene anthu ali m'mitengo.

Koma moto wophikira nsima ndi womwenso umatentha nyumba. Mphamvu zimene mtsogoleri amapatsidwa kuti apulumutse anthu angathe kuzigwiritsanso ntchito potseka pakamwa anthu omutsutsa. Mphamvu zoposa zonse zotere zimabwera boma likalengeza chimene pa Chingerezi amati State of Emergency, chimene makolo athu ankangoti emejensi. Pa nthawi imeneyi boma limaloledwa kuimitsa kwa kanthawi ufulu wina wa anthu. Tsono ndani amalondera mphamvu zimenezi?

1. Zimene zinachitika mu 1959

Pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, analengeza emejensi. M'bandakucha wa tsikulo apolisi ndi asilikali anayamba kugwira atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo chipanicho chinaletsedwa. Dr. Hastings Kamuzu Banda anakatsekeredwa ku Gwelo, mzinda umene lero umatchedwa Gweru ku Zimbabwe, mpaka pa 1 Epulo 1960. Anthu oposa 1,300 anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ambiri mwa iwo ku Kanjedza ku Limbe. Anthu 51 anaphedwa, ndipo malo amene anafera anthu ambiri pa tsiku limodzi ndi padoko la Nkhata Bay.

Bwanamkubwa sanafunike chilolezo cha oimira anthu. Bungwe lopanga malamulo ku Zomba linali ndi Aafirika asanu okha, ndipo mmodzi mwa iwo, Henry Masauko Chipembere, anamangidwa nawo. Boma la Britain linatumiza woweruza milandu, Patrick Devlin, kudzafufuza, ndipo lipoti lake la mu Julaye 1959 linati Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Koma pomwe lipotilo linkatuluka, akufa anali ataikidwa kale m'manda. Emejensiyo inatha mu Juni 1960. Nchifukwa chake tsiku la 3 Malichi timakumbukira amene anafera dziko lino.

Chomvetsa chisoni nchakuti titalandira ufulu mu 1964, khalidwe lomanga anthu popanda mlandu silinathe. Ndende za Dzaleka ndi Mikuyu zinadzaza ndi anthu amene sanaonekerepo ku khoti. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osauzidwa mlandu wake. Nyumba ya Malamulo inalipo, koma inali ya chipani chimodzi, ndipo phungu wofunsa funso ankaika moyo wake pachiswe. Kalata ya maepiskopi athu imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inadzudzula mchitidwe umenewu. Amene analemba malamulo atsopano, omwe anayamba kugwira ntchito pa 18 Meyi 1994, anali ndi mabala amenewa m'maganizo.

2. Gawo 45 likuti chiyani?

Gawoli limalola Pulezidenti kulengeza emejensi, koma limamuikira mipanda iyi:

Choyamba, chifukwa. Emejensi imaloledwa pokhapokha pakakhala nkhondo, chiopsezo cha nkhondo, nkhondo yapachiweniweni, kapena ngozi yachilengedwe yokhudza dera lalikulu. Ziwonetsero, sitalaka kapena kutsutsidwa m'nyuzipepala sizili pa mndandanda umenewu.

Chachiwiri, chilolezo. Pulezidenti ayenera kuvomerezedwa ndi Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo. M'komitiyi mumakhala aphungu a zipani zosiyanasiyana molingana ndi mipando imene chipani chilichonse chili nayo, ndipo ingathe kukumana ngakhale Nyumba yonse ili patchuthi. Motero palibe chifukwa chonenera kuti panalibe nthawi yofunsa aphungu.

Chachitatu, malo. Emejensi imagwira ntchito kudera lokhalo kumene kuli vuto. Madzi akasefukira ku Mulanje ndi Phalombe, si chifukwa choletsera misonkhano ku Karonga.

Chachinayi, kulengeza poyera. Palibe emejensi yam'seri.

Chachisanu, nthawi. Emejensi imatha pakapita masiku 21. Kuti ipitirire, Nyumba ya Malamulo iyenera kuvomereza, ndipo ovomerezawo akwane magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu onse, osati a okhawo amene abwera tsikulo. Chiyambire chisankho cha 2025 madera a aphungu alipo 229, choncho pamafunika aphungu 153. Sangawonjezere nthawi yoposa miyezi itatu pa ulendo umodzi. Miyeziyo ikatha, boma liyenera kubwereranso kukapempha.

Chachisanu ndi chimodzi, khoti. Bwalo Lalikulu la Milandu lili ndi mphamvu yomva dandaulo la munthu wotsutsa chilengezocho, kuwonjezera kwa nthawi yake, kapena chilichonse chimene boma lachita m'dzina la emejensi.

Tiyeni tione bwino mpanda wachisanu. Nkovuta kuti chipani chimodzi chikhale ndi aphungu 153 pachokha. Ndiye kuti boma liyenera kufotokozera ndi kukhutiritsa aphungu a mbali yotsutsa ndi oima paokha. Komanso aphungu akangokhala chete, emejensi imafa yokha pa tsiku la 21. Katundu wofotokoza ali pamutu pa wofuna mphamvu, osati pa anthu ofuna ufulu wao.

3. Ufulu umene ungakhudzidwe ndi umene sungakhudzidwe

Pa nthawi ya emejensi boma lingathe kuchepetsa ufulu wolankhula, wopeza nkhani, woyenda ndi wosonkhana. Lingathenso kusunga munthu kupitirira maola 48 asanaonekere ku khoti. Koma lichite izi pa mlingo wokhawo umene ukufunika populumutsa miyoyo.

Pali ufulu wina umene ngakhale pa nkhondo sukhudzidwa. Wina mwa iwo ndi uwu: ufulu wokhala ndi moyo; kusazunzidwa kapena kupatsidwa chilango chankhanza; kusatengedwa ukapolo; kufanana pamaso pa malamulo; ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo; ndiponso ufulu wopempha khoti kuti lilamule womangidwa abweretsedwe pamaso pake.

Munthu akamangidwa pa nthawi ya emejensi, wachibale kapena mnzake ayenera kudziwitsidwa pasanathe maola 48, dzina lake lisindikizidwe mu Gazeti ya boma pasanathe masiku asanu, ndipo khoti liunike kumangidwako pasanathe masiku khumi. Ali ndi ufulu woonana ndi loya ndi dokotala. Amene anasowa abale ao m'zaka za chipani chimodzi amadziwa kulemera kwa mfundo zimenezi.

4. Ngozi yogwa mwadzidzidzi si emejensi

Apa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zochokera kuphiri zinakokolola midzi ku Phalombe, komwe nthawi imeneyo kunali mbali ya boma la Mulanje, ndipo anthu mazanamazana anafa. Chaka chomwecho aphungu anakhazikitsa lamulo lokonzekera ngozi ndi kupereka thandizo, limene linalowedwa m'malo ndi lina latsopano mu 2023. Lamulo la mtundu umenewu limalola Pulezidenti kulengeza kuti dera lagweredwa ngozi, ndi cholinga chosonkhanitsa thandizo la boma, la mabungwe ndi la maiko ena. Ndi zimene Pulezidenti Lazarus Chakwera anachita pa 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa m'maboma a kummwera kuphatikizapo lathu lino. Anthu oposa 600 anamwalira ndipo ena oposa 500 sanapezeke. Chilengezo chotere sichitsegula khomo loimitsira ufulu wa anthu.

Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera mu 2020. Pa 20 Malichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19. Pa 14 Epulo nduna ya zaumoyo, Jappie Mhango, inalengeza kuti kuyambira pa 18 Epulo anthu abindikire m'makomo kwa masiku 21. Taganizani za mayi wogulitsa nanazi pa Chitakale, kapena mnyamata wonyamula katundu wa alendo okwera phiri, amene amadya zimene wapeza tsiku lomwelo. Mavenda m'mizinda ina anachita ziwonetsero. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition ndi anthu ena anakadandaula ku khoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anaimitsa m'bindikirowo. Mu Sepitembala chaka chomwecho Bwalo Lalikulu linagamula kuti malamulo a m'bindikirowo anali osemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko, popeza ankalanda ufulu pa mlingo umene umaloledwa pokhapokha emejensi italengezedwa motsata Gawo 45.

Khoti silinakane kuti matenda analipo. Gawo 44 limalola kuika malire oyenera pa ufulu wina kudzera m'lamulo. Chimene khoti linakana ndi chakuti boma litenge mphamvu za emejensi molambalala aphungu.

5. Phunziro lochokera ku Zambia

Kungokhala ndi Nyumba ya Malamulo sikokwanira. Ku Zambia, mu ulamuliro wa Kenneth Kaunda, mphamvu za emejensi zinakhalapo kuyambira 1964 mpaka 1991, zaka 27. Mu Julaye 2017, msika waukulu wa City Market ku Lusaka utapsa, Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo cha emejensi. Aphungu anavomereza masiku 90, koma pa nthawiyo aphungu 48 a chipani chotsutsa cha UPND anali ataimitsidwa kulowa m'Nyumbamo. Mpanda umateteza munda ngati uli ndi mlonda wogalamuka.

6. Udindo wathu

Phungu amapita ku Lilongwe ndi voti yathu. Ngati pa chisankho tinayang'ana chitenje ndi ndalama zokha, tisadabwe pamene iye akungokweza dzanja osafunsa. Safunsa anadya phula. Phungu wabwino, kaya ndi wa chipani cholamula kaya chotsutsa, asanavomereze emejensi amafunsa kuti: Vutoli ndi lotani? Kodi malamulo amene alipo kale sangalithetse? Ndi ufulu uti umene uchepetsedwe, kudera liti, kwa masiku angati? Osauka adya chiyani? Ndalama ndi katundu wa thandizo adzawerengera ndani?

Ifenso tili ndi mbali yathu. Pa nthawi ya ngozi timvere malangizo oyenera, monga kusamuka m'mphepete mwa mitsinje, pakuti kudziwa ufulu si kuchita makani. Koma tikamva chilengezo pa wailesi, tifunse kuti ndi cha mtundu uti. Wina akamangidwa, tilembe tsiku, nthawi ndi malo, ndipo tidziwitse a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya paparishi.

Mafunso okambirana m'malimana

1. Kodi m'mudzi mwanu alipo akuluakulu amene amakumbukira za 1959 kapena za kumangidwa popanda mlandu? Apempheni afotokoze.
2. Nchifukwa chiyani malamulo amafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, osati theka lokha?
3. Pa nthawi ya Freddy, phungu ndi khansala wa dera lanu anachitapo chiyani? Nanga thandizo linagawidwa poyera?
4. Mliri wina utabwera, boma lingateteze bwanji miyoyo popanda kupha anthu ndi njala?

Zoti tichite

Limana lililonse lisankhe anthu awiri okonza mafunso atatu ochokera m'phunziroli. Komiti ya paparishi iwasonkhanitse, ilembere kalata phungu wa dera lino, ndipo imuitane kuti adzayankhe pamaso pa anthu onse.