Kodi afisi a kudambo tingawadziwe bwanji?

FUNSO: Kuno ku Kabudula afisi amalira pafupifupi usiku uliwonse kudambo, ndiye mwana wanga wa Fomu 3 wakakamira zokawaona ndi maso. Pali njira yoti aphunzire khalidwe lawo osaika moyo pachiswe?
Mayi wa ku Kabudula

YANKHO: Mayi, usiku asapiteko ayi. Apite m'mamawa mame asanakamuke, ali ndi munthu wamkulu, akayang'ane mapazi pamatope. A fisi amaonetsa zikhadabo ngati a galu, koma akutsogolo ndi aakulu kuposa akumbuyo. Ndowe zake zikauma zimayera mbee chifukwa cha mafupa amene amatafuna, ndipo akazipeza zambiri pamodzi adziwe kuti gulu lonse limachitira pomwepo, kawirikawiri m'malire a dera lawo.

Kukada amvetsere ali pakhonde. Kulira kokoka kuja ndi kuitanizana patali, pomwe kuseka kumamveka akamalimbirana nyama. Azilemba m'kope tsiku, nthawi ndi mbali imene kulirako kwachokera. Ine ndimaona kuti kope limaphunzitsa kuposa kumuona fisi kamodzi akuthawa.

Gulu limatsogoleredwa ndi wamkazi, amenenso amakula thupi kuposa wamwamuna. Amakhala ndi bere masiku pafupifupi 110, n'kuswa ana awiri nthawi zambiri. Una wa anawo asauyandikire.

Mumzinda wa Lilongwe, a Carnivore Research Malawi akhala akufufuza afisi, kotero chidwi cha mwanayu sichachabe. Koma afisi akayamba kuyenda masana pamudzi, dziwitsani amfumu ndi a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife msanga.