Magetsi akabwera, kamera idikire kaye disiki

Ku Joni kuno magetsi sadalirika. Load shedding ya Eskom inafika poipa mu 2023, ndipo ngakhale pamene yachepa, mawaya a City Power amabedwa, thiransifoma n'kupsa, Rosettenville kapena Yeoville n'kukhala mumdima. Kwa inu amene munamangirira kamera pageti n'kuilumikiza ku kakompyuta ka Raspberry Pi, vuto limayamba magetsi akabwerera.

Pi imadzuka msanga, pomwe hard drive ya USB yosungiramo zithunzi imafuna kanthawi kuti iyambe kuzungulira. Pulogalamu yojambula, monga Motion, ikayamba disiki isanaoneke, imangothira zithunzi pa kakhadi ka SD ka Pi. Khadi limadzaza mwakachetechete, ndipo tsiku limene akuba athyola geti mumapeza kuti palibe chimene chinajambulidwa.

Yambani ndi lamulo la sudo blkid kuti muone nambala ya UUID ya disiki yanu. Dzina ngati /dev/sda1 musalikhulupirire, limatha kusintha mukalowetsa flash ina. Kenako mu fayilo ya /etc/fstab onjezerani mzere uwu:

UUID=nambala-yanu /mnt/kamera ext4 defaults,nofail,x-systemd.device-timeout=60 0 2

Mawu oti nofail amathandiza kuti Pi isakakamire disiki ikasowa. Popanda iwo, imadikira masekondi 90 n'kugwera mu emergency mode, ndiye muziyamba kusaka kiyibodi ndi sikirini usiku. Komatu nofail yemweyo amamasula pulogalamu kuti iyambe osadikira disiki, ndipo apa ndi pamene ambiri amalekera ntchito panjira. Lembani sudo systemctl edit motion, muikemo mizere iwiri iyi:

[Unit]
RequiresMountsFor=/mnt/kamera

Tsopano Motion sidzayamba mpaka disiki itakhazikika pamalo pake. Onetsetsaninso kuti target_dir mu motion.conf ikuloza ku foda yomweyo ya /mnt/kamera.

Disiki ikamangolira kuti tiki tiki osaoneka, nthawi zambiri ndi njala ya magetsi. Madoko onse a USB a Pi 4 amagawana 1.2A basi, choncho gulani USB hub yokhala ndi chaja yakeyake.

Musadikire mdima kuti mudziwe ngati zatheka. Zimitsani Pi bwinobwino, zulani zonse kukhoma, bwezerani nthawi imodzi, kenako lembani findmnt /mnt/kamera. Disiki ikaoneka, dutsani pageti ndipo mukaone ngati nkhope yanu yasungidwa mu disikimo.