Mbaula m'nyumba nthawi ya chipale chofewa

A Dokotala,

Ndimakhala ku Glasgow. Mayi anga abwera kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu wawo, ndiye afikira pa chipale chofewa chomwe chagwa masiku atatu osalekeza. Mabasi sakuyenda, sukulu zatsekedwa, buledi ndi mkaka zatha m'sitolo yapafupi. Dzulo boila yafa, ndipo eni nyumba akuti wokonza sangafike mpaka misewu itatseguka. Mayi ali ndi BP ndipo akungonjenjemera. Akuti tilowetse mbaula yowotchera nyama pabalaza, monga timachitira kwathu mu June. Makala alipo. Ndivomere?

Wothedwa nzeru, Glasgow

Mayi,

Musavomere, ngakhale kwa ola limodzi.

Makala akamayaka amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka, ndipo ukalowa m'magazi umalanda malo a okosijeni. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, n'kumaganiza kuti ndi chimfine. Akagona, sadzukanso. Kwathu nyumba zambiri zimapuma, mphepo imalowa pakati pa malata ndi khoma, koma ngakhale kumeneko timamva za anthu ofera kutulo atatsekera mbaula kuchipinda. Nanji nyumba za ku Scotland, zamagalasi awiri pawindo, zotsekeka kuti thi! Mwana ndi agogo ndiwo angayambe kugwa. Uvuni wa gasi nawonso musausiye chitsegulire kuti muziwotha.

Sonkhanani m'chipinda chimodzi, mutseke chitseko ndi kutsinira thaulo kunsi kwake. A zaumoyo a NHS amalangiza kuti chipinda chifunde kufika madigiri 18, choncho uzani eni nyumba akupezereni hita yamagetsi lero lomwe. Agogo avale zovala zingapo zopepuka zosanjikiza, chipewa ndi sokosi. Apatseni phala lotentha ndi tiyi pafupipafupi, komanso botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje.

BP yawoyo ikundidetsa nkhawa. Kuzizira kumafinya mitsempha, magazi n'kumathamanga kwambiri. Asadumphitse mankhwala. Ndipo ndikuwadziwa amayi athu: m'mawa adzafuna kutuluka kukachotsa chipale pakhomo ngati akusesa pabwalo. Aletseni. Ntchito imeneyo imapanikiza mtima, ndipo kuterereka kamodzi kokha kungawathyole chiuno.

Mukaona kuti ayamba kusokonezeka mutu, lilime likulemera, akuwodzera modabwitsa kapena akumva kupweteka pachifuwa, imbani 999 pomwepo. Pa zina zosafulumira imbani 111. Musadikire, pakuti ambulansi imavutikanso m'chipale: mu February 2018 magalimoto adagona pamsewu wa M80, pafupi ndi kwanuko. Za ndalama musaope, ku A&E, komwe amalandirira odwala mwadzidzidzi, mlendo salipiritsidwa.

Boila akadzaikonza, onetsetsani kuti m'chipinda cha boilayo muli alamu ya carbon monoxide, monga likunenera lamulo la Scotland kuyambira February 2022. Mbaulayo ikhale panja, ndipo agogo muwafotokozere mwaulemu chifukwa chake.

Dokotala