Nguwi M'nyumba: Yambani ndi Madzi

Mvula ikakhazikika mu Januwale, kapena chiperoni chikagwa masiku angapo ku Thyolo ndi ku Mulanje, nyumba zambiri zimayamba kununkha chinyontho. Mukasuntha bedi mupeza khoma lachita mathotho akuda, nsapato za m'kabati zamera ubweya wotuwa. Imeneyo ndi nguwi. Ambiri timangopukuta ndi kansanza, koma pakapita masabata awiri yabweranso, chifukwa madzi amene akuidyetsa tawasiya.

Musaichepetse. Nguwi imatulutsa tinjere tosaoneka ndi maso timene timauluka ndi mpweya. Munthu akatipuma amayetsemula, maso amayabwa, chifuwa sichitha. Wa mphumu amabanika. Makanda, okalamba, amene ali ndi HIV ndiponso amene anadwalapo TB ndiwo amavutika kwambiri. Mu 2009 bungwe la WHO linatulutsa malangizo apadera okhudza chinyontho ndi nguwi m'nyumba.

Madzi akulowera pati?

Mvula ikugwa, yendani m'zipinda zonse. Lata lodontha limateni, udzu wowola usintheni. Kunja, onani pamene madzi a padenga akugwera. Ngati akudikha m'mphepete mwa khoma, kumbani ngalande yowatulutsa ndipo kwezani khonde. Khoma likamanyowa kuchokera pansi kufika m'mawondo, penti n'kumasupuka, ndiye kuti chinyontho chikukwera kuchokera ku maziko. Nthawi zambiri zimatero pamene omanga sanayale pulasitiki, ndipo pamenepo pafunika mmisiri. Ngati mukuchita lendi, auzeni eni nyumba msanga.

Mabowo a mpweya a pamwamba pa mawindo aja, amene timatseka ndi nsanza poopa kuzizira ndi udzudzu, atsekuleni. Udzudzu uli ndi neti yake. Mawindo azitsekulidwa m'mawa uliwonse. Bedi ndi kabati zitalikire khoma mpata wolowa dzanja. Zovala zonyowa ziyanikidwe pakhonde, osati kuchipinda.

Chinthu chimodzi tikupemphani ndi mtima wonse: musalowetse mbaula m'chipinda chotseka kuti muumitse nyumba. Makala amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo.

Kuchapa kwake

Tsekulani mawindo, ana ndi odwala atuluke. Valani magolovesi ndi masiki. Kwechani ndi sopo ndi madzi. Musasese nguwi youma, mungoimwaza. Pasimenti ndi pamatailosi mutha kutsatiza Jik, kapu imodzi m'malita 4 a madzi, osapitirira. Jik musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, utsi wake umawononga mapapo. Mukatha kuchapa, umitsani malowo. Kupaka penti pamwamba pa nguwi n'kutaya ndalama.

Nyumba ikalowa madzi, monga zinachitikira ambiri nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, nguwi imayamba pasanathe masiku awiri. Mabulangete ndi mphasa zipite padzuwa mwamsanga. Makatoni, siling'i yofufuma ndi matiresi amene nguwi yalowerera mkati sizichapika. N'zowawa, koma zitayeni.

Matumba a chimanga ndi mtedza akhale pathandala, osagunda khoma. Zochita chuku musadye, musapatse nkhuku, musaphikire mowa: chuku china chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa.

Wina akatsokomola masabata awiri, musangoti ndi nguwi. Apite kuchipatala akayezedwe TB, ndipo za nyumbayo muwafotokozere alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.