Kodi Mwakonzekera Kusintha Ntchito Yanu?

DOORNFONTEIN, dera lina lakale la mzinda wa Johannesburg, lasintha kangapo konse. Golidi atapezeka mu 1886, eni migodi olemera anamanga nyumba zawo kumeneko. Iwo atasamukira ku Parktown ndi kwina, m'deralo munadzaza amphaŵi okhala mothithikana, ndipo pambuyo pake mafakitale. Chiyambire 2005, University of Johannesburg ili ndi nthambi kumeneko yophunzitsa uinjiniya ndi zaumoyo. Ngati dera lathunthu limasintha motero, kuli bwanji ntchito ya munthu mmodzi?

2 Amalaŵi ambiri anaona zimenezi ndi maso awo. Kuchiyambi kwa ma 1970, amuna oposa 100,000 a ku Malaŵi anali kugwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Koma mu April 1974, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Botswana, nipha Amalaŵi 74, ndipo boma linaletsa kulemba anthu a kumigodi. Kulembako kunayambanso mu 1977, koma kunatheratu mu 1988. Awo amene analibe luso lina anabwerera kumudzi ali manja lende. Chotero, nkwanzeru kukonzekera ntchito ina pamene yakaleyo ikalipo.

1, 2. Kodi mbiri ya Doornfontein ndi ya amuna a kumigodi imatiphunzitsanji?

Musataye Msanga Khasu Lakale

3 Lerolino Amalaŵi ambiri mu Johannesburg ndi alonda, osoka zovala, ndi antchito a m'nyumba. Mlonda wofuna kukhala telala angakhumbe kusiya ulonda maŵa lomwe. Komabe, akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kodi sikungakhale bwino kuphunzira kusoka pamasiku opuma, kugula makina pang'onopang'ono, ndi kupeza makasitomala oyamba malipiro akali kubwera? Akatero adzadziŵa ngati ntchitoyo amaikhozadi ndiponso ngati ingadyetse banja.

3. Kodi nchifukwa ninji munthu sayenera kufulumira kusiya ntchito yake?

Luso Lifunikira Mapepala

4 Luso losazindikiridwa ndi lamulo la dziko limene munthu akukhalamo kaŵirikaŵiri silimpindulira. Talingalirani za Hastings Kamuzu Banda, amene anali kalaliki pamgodi wina ku Boksburg asanapite ku United States mu 1925. Anamaliza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College mu 1937. Ngakhale zinali tero, kuti aloledwe kuchiritsa m'maiko olamulidwa ndi Britain, anafunikira kukaphunziranso ku Edinburgh kufikira mu 1941.

5 Zili chimodzimodzi lerolino. Satifiketi ya ku Malaŵi, Zambia, kapena Mozambique imafunikira kupendedwa ndi bungwe la SAQA kuti aiŵerengere mu South Africa. Ndiponso, chilolezo wamba chogwirira ntchito chimene mlendo amapatsidwa chimatchula womlemba ntchito mmodzi, ndipo sichimlola kungosamukira kwa wina kapena kutsegula bizinesi. Wogula mapepala achinyengo amaika pangozi ufulu wake ndi dzina lake labwino. Motero funsani ku Department of Home Affairs musanasunthe phazi.

4, 5. (a) Kodi nchifukwa ninji Banda anaphunziranso ku Edinburgh? (b) Kodi mlendo ayenera kufufuza chiyani?

Kumbukirani Amene Amadalira Inu

6 Miyezi yoyamba ya ntchito yatsopano imakhala yowonda, chikhalirecho lendi ndi fizi ya ana sizidikira. Kodi mwasunga ndalama zokwanira miyezi ingapo? Kodi mwakambitsirana ndi mkazi kapena mwamuna wanu, ndi kudziŵitsa makolo kumudzi kuti zimene mumatumiza zingachepe kwakanthaŵi? Chenjerani ndi ngongole za katapila, pakuti chiwongoladzanja chake chingameze phindu lonse. Dzifunseninso kuti: ‘Kodi ntchito imeneyi idzandisiyira nthaŵi yokhala ndi banja langa?’

7 Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Wodumphira ntchito iliyonse yooneka yokongola amagwa mofananamo. Koma munthu amene asankha njira imodzi, naphunzira luso lake, nalongosola mapepala, nasunga kangachepe, sadzadzidzimuka tsiku limene ntchito yakale idzatha.

6, 7. Kodi ndi mafunso otani amene mutu wa banja ayenera kudzifunsa?

Kodi Mukukumbukira?

□ Kodi nchiyani chinachitikira antchito a kumigodi mu 1974 ndi mu 1988?

□ Kodi luso latsopano mungaliyese motani musanasiye ntchito?

□ Kodi nchifukwa ninji banja liyenera kudziŵiratu za makonzedwe anu?